Dzuwa ndilo limaboola, mvula imangoulula

Ana anga a kwa Kalembo, inu amene mwayamba kusonkha ndalama m'magulu n'kugula matenti opinda aja a miyendo inayi kuti muzikagulitsiramo madengu, ziboliboli, mikanda ndi zikwama za chitenje m'zionetsero, khalani pansi ndikuuzeni zimene ndinaphunzira katundu wanga atanyowa. Ndagulitsa zoluka ndi zosema m'mbali mwa msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi kuyambira tikadali pansi pa boma la Machinga, Balaka isanaime payokha mu 1998. Masiku amenewo tinkakhala m'zisakasa za udzu ndi mlaza. Tenti ndinaidziwa ndili wamkulu kale, ndipo sukulu yake ndinailipira modula.

Chaka china, kumayambiriro kwa Novembala, ndinapita ku chionetsero cha masiku awiri kunyanja. Ndinanyamula madengu, zipewa ndi mikeka ya amayi a m'mudzi mwathu, ntchito imene analuka miyezi itatu, pa mgwirizano woti ndikagulitsa ndidzawapatsa zawo. Tenti yanga inali ya zaka ziwiri, yooneka bwino ndithu. Madzulo a tsiku loyamba kunatentha modabwitsa, mitambo n'kuyamba kuunjikana chakumapiri. Ndinakokera katundu pakati pa tenti, n'kupita kukagona. Usiku mvula inagwa. M'mawa ndinapeza denga latsika ngati beseni, chitsulo chimodzi chathyoka, madzi onse akhuthukira pa madengu. Utoto wofiira ndi wobiriwira unali utayenderera pa mlaza woyera. Patapita masiku anayi zonse zinachita chuku. Kutaya ndalama kunandipweteka, koma chimene sindidzaiwala ndi kuyenda khomo ndi khomo kukauza amayi aja, ena a iwo amasiye, kuti thukuta lawo lawolera m'manja mwanga.

Kwa nthawi ndithu ndinkadandaula za mvula. Koma tsiku lina ndinatambasula chinsalu cha denga la tenti ija n'kuchiyang'anitsa kudzuwa, ndipo ndinaona timabowo tosawerengeka ngati nyenyezi za usiku wa mu Julayi. Kunsi kwake kunkasendeka tizinthu toyera ngati khungu la njoka yofundula. Apo m'pamene ndinazindikira kuti tenti ija inafa kalekale, mvula isanabwere. Ndinkaisiya chiimire pamsewu kuyambira Epulo mpaka Okutobala, padzuwa la kwathu kuno limene mukulidziwa, lija limang'amba nthaka m'minda ya thonje. Akulu amati mvula ikakuona litsiro siikata. Inandipeza ndi litsiro langa.

Mvetsani mmene chinthuchi anachipangira. Denga la matenti opindawa kawirikawiri ndi nsalu ya poliyesitala yopyapyala, imene kunsi kwake anapakako kachikopa ka pulasitiki. Chimene chimatchinga madzi ndi kachikopako, osati nsaluyo. Kuwala kwa dzuwa kumadya ulusi pang'onopang'ono, kutentha kumaumitsa kachikopa kaja mpaka kamayamba kusweka, ndipo kupinda pamzere umodzimodzi tsiku ndi tsiku kumamaliza ntchito. N'chifukwa chake ndikukuuzani kuti tenti si nyumba. Pa malonda a tsiku ndi tsiku, kaya pa Ulongwe kaya pamsewu pamene mumadikirira alendo opita ku Mvuu m'nkhalango ya Liwonde, mangani chisakasa ngati mmene tinkachitira ife. Udzu ndi mlaza sizitivuta kuno, ndipo pansi pake pamazizira bwino kuposa pansi pa pulasitiki. Tenti isungeni kuti ikhale ya pa ulendo. Ngati simungachitire mwina, yalani pamwamba pake matumba akale osokerera pamodzi kuti dzuwa lizidya matumbawo.

Taonaninso nthawi imene zionetsero zimagwera. Mu 2014 ndi 2015 chikondwerero cha Lake of Stars chinachitikira ku Nkopola kumapeto kwa Seputembala, ndipo galimoto zinkadutsa pakhomo pathu pano zili mdipiti. Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde ku Mulanje umachitika mu Okutobala. Tumaini ku Dzaleka m'boma la Dowa amakonda kuichita chakumayambiriro kwa Novembala. Imeneyi ndi miyezi ya chizimalupsa ndi mvula zoyamba, zija zimabwera ndi mphepo, fumbi ndi ziphaliwali popanda kugogoda. Mukapita ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, kapena ku Zomba ndi ku Mulanje nthawi yozizira, mukakumana ndi chiperoni, mvula yowaza imene sichita phokoso koma imanyowetsa mpaka mkati mwa dengu. Ife a kuno, poti tinazolowera chilala, timanyamuka ngati kumwamba kwa dziko lonse n'kofanana ndi kwa Balaka. Ayi.

Choncho ntchito yotchinga madzi ndi ya mu Ogasiti, kukadali kouma. Imikani tenti pabwalo masana dzuwa lili paliwombo, lowani mkati, yang'anani kumwamba. Paliponse pamene pakulowa kuwala, zungulizani ndi choko. Kenako mnzanu akwere pa mpando ndi kheni yothirira m'dimba, athire madzi pamwamba pang'onopang'ono, inu muli mkati. Asathire kamodzi n'kusiya. Msoko umatha kupirira ndowa yoyamba n'kuyamba kudontha pa yachitatu. Mudzaona zimene ndinaona ine: madzi ambiri salowera pakati pa nsalu, amalowera m'misoko, pansonga pamene denga limakhudza chitsulo, ndi m'ngodya zinayi zija. Paliponse pamene panadutsa singano pali bowo.

Musanapake chilichonse, chapani. Madzi ozizira, bulashi yofewa, ndi sopo wamtanda pang'ono ngati pali mafuta kapena zitosi za mbalame, kenako tsukuluzani mpaka thovu litheretu. Sopo waufa mumutalikire, chifukwa amasiya zotsalira zimene zimakoka madzi kulowa mu ulusi, ndipo mankhwala oyeretsera zovala amawotcha nsalu. Yanikani pamthunzi pomwe pali mphepo, chiume gwa.

Zigamba ziyambe. Dulani chigamba chopitirira bowo ndi zala zitatu mbali zonse, ngodya zake muzidule mozungulira kuti zisamatukuke. Mukapita kwa atelala, musangowasiyira n'kuchoka. Apempheni mwaulemu kuti agwiritse ntchito ulusi wa poliyesitala, singano yaing'ono imene ingathe kuboola, ndi msoko wotalikirana, chifukwa msoko wothithikana umasandutsa nsalu kukhala ngati pepala la lisiti lija limang'ambika lokha pamzere. Polumikiza nsalu ziwiri, yam'mwamba igone pamwamba pa yam'munsi, monga mmene akalipentala amakhomera malata. Ndaona matenti ambiri osokedwa bwino, olimba, koma olumikizidwa chozondoka, msoko uliwonse n'kukhala kangalande kolandira madzi.

Tsopano mankhwala. M'masitolo ena a m'tauni mumapezeka opopera ndi omatira misoko opangidwira matenti, ndipo ngati mwawapeza ndalama zilipo, gulani. Ine chimene chandithandiza zaka zambiri ndi silikoni wooneka ngati madzi, uja amamatira magalasi a mawindo, amene amapezeka ku hadiweya ku Liwonde ndi ku Balaka. Finyirani pang'ono m'chitini, thiranimo turpentine, takasani ndi kamtengo mpaka zikhale ngati phala la mwana. Musapange wambiri nthawi imodzi, amayamba kulimba mukadali pa ntchito. Tenti ili chiimire, yokokedwa bwino, pakani ndi kabulashi pamisoko yonse chakunja, mukukanikiza kuti alowe m'mabowo a singano. Ngati nsalu yonse yayamba kumwa madzi, sungunulani kwambiri, muyezo umodzi wa silikoni ku miyezo isanu ya turpentine, mupake denga lonse mopyapyala. Yambani mwayesa pakangodya kobisika kuti muone ngati nsalu yanu ikugwirizana nazo. Isiyeni tsiku lathunthu kapena awiri, fungo lithe, musanaipinde. Ndipo dziwani kuti pamene papita silikoni, guluu wina aliyense sagwiranso. N'chifukwa chake ndati zigamba ziyambe. Ntchito yonseyi ichitikire panja, kutali ndi mbaula, ndipo wosuta fodya aime patali.

Si chinsalu chilichonse chimafuna mankhwala amenewa. Malona olemera a PVC, aja amaphimbira katundu pa malole, salowa madzi pokhapokha abooke, ndipo chigamba chake chimamatidwa ndi guluu wa PVC kapena kuwotcherera ndi mpweya wotentha kwa okonza matenti. Malona opepuka oluka ndi timizere ta pulasitiki, abuluu a m'sitolo kapena oyera a mtundu uja mabungwe othandiza anagawa pambuyo pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amakana guluu pafupifupi aliyense. Amenewo musawaboole ndi msomali. Ikani mwala wobulungira kunsi kwake, ukuteni ndi chinsalucho, mangani chingwe pakhosi pake, ndipo mwapeza pokokera polimba kuposa timphete ta m'mphepete tija timazuka mphepo ikangowomba. Mukafuna kukhomera pa mtengo, msomali udutse kaye pa chotsekera cha botolo kapena kachidutswa ka tayala. Koma ngati muli ndi chinsalu chokhuthala cha thonje, cha mtundu wa matenti akale a asilikali, chimenecho chili ndi khalidwe lake. Chinyowetseni n'kuchiumitsa kawiri kapena katatu, ulusi umafufuma n'kutseka mipata wokha. M'misoko tikitanimo phula la njuchi, lija alimi a njuchi ena amangotaya akafinya uchi, n'kuchiika padzuwa kuti lifewe lilowerere. Mvula ikamagwa musachikhudze ndi chala kapena kutsamiritsa katundu chamkati, chifukwa pamene mwakhudzapo m'pamene payambire kudontha.

Pali nzeru ina imene imayenda pakati pa anyamata, ndipo ndikufuna ndiithetse pompano. Amati sungunula makandulo mu petulo kapena mu palafini, upake, madzi salowanso. Inde salowa. Koma pa 6 Julayi 1944 mu mzinda wa Hartford ku America, tenti yaikulu ya masewera a kampani ya Ringling Brothers and Barnum & Bailey, imene anaipaka phula losungunulira mu petulo kuti isadonthe, inagwira moto muli anthu masauzande. Inapsa m'mphindi zochepa, phula lamoto likugwera anthu pamutu, ndipo anthu oposa 160 anafa, ambiri a iwo amayi ndi ana. Inu pa chionetsero mumayandikana ndi okazinga tchipisi ndi owotcha nyama, pansi panu pali mlaza wouma ndi nsalu. Musayerekeze. Oyilo wakuda wochoka m'galimoto nayenso ayi: kukatentha amadontha, amadetsa katundu, ndipo fungo lake limalowa m'dengu osatulukanso. Penti wamafuta amauma n'kusweka mukangopinda kamodzi.

Komabe, ana anga, ngakhale mutamata msoko uliwonse, chimene chinandigwetsa ine si kudontha. Ndi kulemera kwa madzi. Werengani nane. Tenti ya mamita atatu mbali zonse ili ndi denga la masikweya mita 9. Mvula ya mamilimita 20, imene kuno imatha kugwa ola limodzi lisanathe, imathira malita 180 padenga limenelo. Ndi ndowa 9 za malita 20. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye kuti makilogalamu 180, kuposa matumba atatu a chimanga. Madzi amenewo akatsetsereka n'kugwa pansi, palibe mlandu. Koma pakangokhala kadzenje kamodzi pamene nsalu yalendewera, madzi amaima, kulemera kwake kumakuza dzenjelo, dzenje likakula limalandira ena, mpaka tizitsulo topyapyala tija timagonja. Choncho denga likhale lokokedwa ngati chikopa cha ng'oma. Nsonga yapakati ikwere mpaka pomaliza. M'ngodya, pakati pa chitsulo ndi nsalu, pindiranimo nsungwi yowazidwa bwino kapena paipi yopyapyala ya pulasitiki ngati uta, mapeto ake mutakulunga nsanza kuti asaboole. Pa malo osalingana, musavutike kuwongola miyendo yonse: mbali yakumbuyo itsikeko pang'ono kuti madzi adziwe kolowera, kutali ndi kumene kumaima ogula. Mvula ikayamba, wina akhale maso ndi tsache, azikankha madzi ndi mbali yofewa, osati ndi nsonga ya ndodo. Ndipo usiku, ngati palibe wogona pomwepo, tsitsani miyendo mpaka pansi kapena chotsani denga, katundu mukamusunge m'nyumba. Ndikanachita zimenezi chaka chija, amayi aja akanalandira ndalama zawo.

Mphepo ndiyo imatsogola. Tenti yopanda zomangira ndi ambulera yaikulu, ndipo ikanyamuka imakagwera pa katundu wa mnzanu kapena pa mwana wa munthu. Tizikhomo timene timabwera m'chikwama mwake n'tosathandiza. Pitani kwa owotcherera akudulireni zitsulo zomangira nyumba, zotalika ngati kuchoka pa chigongono kufika kunsonga ya zala, apinde mutu. Khomani mopendekera, mutu uloze kutali ndi tenti. Chingwe chichoke pamwamba pa mwendo, ndipo pakati pake lumikizanipo mphira ya chubu, ija timamangira katundu pa njinga, kuti mphepo ikakoka pazikhala pofewera. Pa mchenga wa kunyanja chikhomo sichigwira: dzazani thumba ndi mchenga, limangeni chingwe, likwirireni. Pa simenti kapena pa tala, mwendo uliwonse ukhale ndi chigubu cha malita 20 chodzaza madzi, chomangiriridwa pamwamba koma chitakhala pansi. Zigubu zimayenda zopanda kanthu, madzi mukatunga komweko. Ndikudziwa kuti ena a inu mumachita manyazi kutsika minibasi ndi zigubu ndi khasu pamaso pa anzanu a m'tauni. Manyazi amenewo asiyeni kunyumba.

Khasulo ndi la ngalande. Mukafika pa malo, musathamangire pamthunzi kapena pafupi ndi chipata. Yang'anani pansi kaye. Pamene paunjikana timitengo, mapepala ndi mchenga wosalala, m'pamene madzi amadutsa. Ngati okonza chionetsero akulozerani malo oterowo, pemphani ena mwaulemu, ndipo akakana, lambulani kangalande chakumtunda kuti madzi akulambalaleni, ngati eni bwalo alola kukumba. Pansi pa mtengo musaimikepo: nthambi zimagwa, ndipo mvula ikatha mtengo umapitiriza kudontha. Ziphaliwali zikayamba kung'anima pafupi, tenti ya miyendo yachitsulo si pobisalira. Phimbani katundu, thawirani m'nyumba kapena m'galimoto. Nthambo za magetsi zisagone pansi pamene padutse madzi. Ngati mwagundizana matenti ndi mnzanu, madzi a madenga awiri amagwera pampata wa pakati panu, ndiye gwirizanani mupachikepo kansalu ka lona ngati kangalande kotsetserekera kumbuyo. Mbali imene kukuchokera mphepo tchingani ndi chinsalu mpaka pansi, chifukwa mvula ya mu Novembala siigwa choongoka.

Katundu asakhale pansi, ngakhale kutacha bwanji. Njerwa ndi matabwa awiri zikukwana. Ndipo mudziwe chimene chimaopa madzi kwambiri kuti chikhale pakati. Miphika ndi mbiya zowotcha zikhoza kukhala kumphepete. Mlaza wonyika mu utoto, zithunzi zojambula, makadi ndi zikwama za chitenje zikhale mkatikati. Ziboliboli za mpingo ndi mlombwa zimaoneka zolimba, koma zikanyowa n'kuziika padzuwa lamphamvu zimang'aluka, ndipo polishi amachita mawangamawanga. Zipukuteni, ziume pamthunzi. Madengu onyowa musawalowetsane wina mkati mwa mnzake, apatuleni pomwe pali mphepo tsiku lomwelo. Chenjeraninso ndi pulasitiki: mukakulunga katundu mothina n'kumusiya padzuwa, amachita thukuta mkati, chuku n'kubwera popanda dontho limodzi la mvula. Foni ndi kabuku kolembamo za eni katundu zikhale m'kachigubu kotseka. Ndinenenso izi poti ndazikumbukira: pogula tenti sankhani ya denga loyera. Yofiira kapena yabuluu imasintha maonekedwe a katundu, mlendo n'kumaona dengu lanu ngati lakuda.

Chionetsero chikatha, mudzatopa, ndipo mudzafuna kungopinda n'kuponya pakona. Tenti yopindidwa yonyowa imayamba kununkha pakangopita masiku awiri, ndipo chuku chikalowa mu ulusi madontho ake satha. Mukafika kunyumba itambasuleni, ngakhale usiku, ngakhale pakhonde. Ikauma, chotsani denga pa zitsulo, likulungeni momasuka ngati mkeka, lipachikeni pa mtanda kutali ndi makoswe ndi chiswe. Zitsulo zipukuteni, m'molumikizira mudonthezemo mafuta a makina osokera.

Pali chinthu chimodzi chimene magulu ambiri amakanganirana. Kwathu kuno munthu wokhala ndi tenti sangakane kubwereketsa pa maliro, pa sadaka kapena pa chinkhoswe, ndipo sindikukuuzani kuti muzikana. Mawa zidzakugwerani inu. Koma musaitumize ndi mwana. Pitani nokha mukaimike, muone kuti moto wophikira uli patali, ndipo mwambo ukatha mukaitsitse nokha. Anthu a pa chisoni alibe mtima woyang'ana ngati chinsalu chauma, ndipo si mlandu wawo. Pa gulu panu sankhani munthu mmodzi woyang'anira tenti, ndipo pa malonda aliwonse muzipatula kangachepe ka silikoni, chingwe ndi atelala.

Musananyamuke ulendo uliwonse, mverani zanyengo pa wailesi, a nthambi yoona zanyengo amalengeza tsiku ndi tsiku. Koma ngakhale atati kukhala kowala, zigubu, zikhomo, khasu ndi chinsalu chapadera zikwere nawo.

Sabata ino isathe. Tulutsani tenti ya gulu lanu, muimike pabwalo masana, mmodzi alowe mkati ndi choko, wina akwere pa mpando ndi kheni. Mukapeza podontha pamene pakukuvutani, bwerani nayo kunyumba madzulo tidzaonere limodzi, silikoni ndi kabulashi ndili nazo.